Mafunso a Awerengi: Bwanji mankhwala a malungo amangosinthasintha?

FUNSO: Adokotala, mwana wanga wa zaka zitatu anagonekedwa m'chipatala ndi malungo aakulu, mpaka kukomoka. Ndinkayembekezera kuti amuika dripi ya kwinini monga anachitira ndi mkulu wake mu 2008, koma anangomubaya jakisoni wina pamtsempha katatu, kenako n'kutipatsa LA. Mwana wachira, tikuthokoza Mulungu. Koma apongozi anga akuti inu achipatala mumangotiyesera mankhwala: kale Norolon, kenako Fansida, lero LA. Zoona zake n'ziti? Ndine mayi wa ana anayi, ku Balaka.

YANKHO: Mayi, ndasangalala kumva kuti mwana wadzuka. Apongozi anuwo musawatsutse msanga, chifukwa mndandanda wa mankhwalawo autchula bwino. Pomwe ndasiyana nawo ndi pa chifukwa chake basi.

Ine ndinayamba ntchito nthawi ya kolokwini, uja munkagula pagolosale m'dzina la Norolon, wowawa uja, woyabwitsa thupi usiku wonse. Ndiulule kanthu kena. Mwana akabwera thupi lili moto, ndinkamupatsa kolokwini, pakutha masiku awiri kutentha kwatsika, mayi ake akuthokoza, ine mumtima n'kumati ndachiza. Pakapita masabata atatu mwana yemweyo wabweranso, zikhatho zili mbee, m'maso mopanda magazi. Ndinkalemba kuti wadwala malungo ena atsopano, ndikumadzudzula udzudzu. Sindinkadziwa kuti ndi malungo akale omwe aja, tizilombo tinangogona pang'ono, sitinafe.

Amene anatitsegula maso ndi anthu a kafukufuku, ndipo zomwe anachita si zamatsenga ayi. Sanasiye mwana pachipata monga ndinkachitira ine. Ankamutsatira kwa masabata angapo, kumuyezanso magazi, n'kuwerenga kuti mwa ana onse amene anamwa kolokwini, ndi angati amene tizilombo tatheratu. Anapeza kuti ambiri tizilombo tinkatsalabe, ndipo magazi awo sankabwerera. N'chifukwa chake mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kusiya kolokwini n'kutenga SP, amene timamutchula kuti Fansida kapena Novidar. Nayenso Fansida anagwira ntchito zaka zake, tizilombo tinamuzolowera, ndipo mu 2007 tinasamukira ku LA.

Pali nkhani ina yomwe imandisangalatsa. Mu 2005, ku Ndirande, anayesanso kolokwini pa ana 210 odwala malungo, ena kolokwini, ena Fansida. Patatha masiku 28, kolokwini anali atachiza ana 99 pa 100 aliwonse, Fansida 21 okha. Tizilombo tosamva kolokwini tinali titatha tokha chifukwa anthu anasiya kumumwa. Wina angafunse kuti nanga bwanji sitinabwerere kwa iye, poti ndi wotsika mtengo? Chifukwa udzudzu sudziwa malire a dziko. M'mayiko oyandikana nafe tizilombo tosamva tija tinalipobe, ndipo tikanayambiranso kumwa kolokwini payekha, tikanabwerera msanga pomwe tinali. Choncho si zotsatira zonse za kafukufuku zomwe zimasanduka mankhwala a pawindo. Zina timangophunzirapo.

Tsopano za jakisoni wa mwana wanu. Dzina lake ndi artesunate. Kwinini ndinamugwiritsa ntchito zaka zambiri ndipo ndimamulemekeza, anapulumutsa ana ambiri, kuphatikizapo mkulu wakeyo. Koma ndi mankhwala ovuta. Dripi yake imayenera kudontha pang'onopang'ono kwa maola anayi, n'kubwereza maola asanu ndi atatu aliwonse, usana ndi usiku. Amatsitsa shuga m'thupi, amatseka makutu. Ganizirani namwino mmodzi usiku, wodi ya ana itadzaza m'nyengo ya mvula, ena awiriawiri pabedi, kuti aziwerengera madontho a mwana aliyense.

Komabe mukanandifunsa nthawi imeneyo ngati pali mankhwala oposa kwinini, ndikanakana. Ana ambiri omwe ndinkawaika kwinini ankachira. Ochepa ankamwalira, ine n'kumati anabwera mochedwa. Mu 2010 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa AQUAMAT, yemwe anachitika m'mayiko asanu ndi anayi a mu Africa, kuphatikizapo Mozambique ndi Tanzania, pa ana 5,425 odwala malungo aakulu. Theka anapatsidwa kwinini, theka artesunate. Pa ana 1,000 aliwonse a kwinini anamwalira 109, pomwe a artesunate anamwalira 85.

Taonani kusiyanako, mayi. Ana 24 pa 1,000. Palibe dokotala, ngakhale wa imvi mutu wonse, amene angaone kusiyana kotereku ndi maso ake pawodi. Ine ndimaona mwana mmodzimmodzi, ndipo amene ndimamukumbukira ndi uja anachira modabwitsa. Pamafunika kuphatikiza mabuku a zipatala zambiri kuti ana 24 amenewa aoneke. Koma kwa makolo awo, ameneyo ndi mwana wathunthu amene lero ali kusukulu.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linasintha malangizo ake mu 2011, n'kuika artesunate patsogolo pa kwinini. Kuti jakisoniyo afike m'manja mwa namwino amene anabaya mwana wanu, panadutsa zaka ndithu, ndipo apa ndi pomwe ntchito yeniyeni imagona, ngakhale sipatchuka pawailesi. Unduna wa Zaumoyo ulembenso buku la malangizo. Ndalama zogulira zipezeke. Mankhwala afike m'mafamase a m'maboma. Kenako ife tiphunzitsidwe, chifukwa artesunate amabwera ngati ufa m'kabotolo: umathiramo madzi ake apadera, kukhutchumula mpaka ayere, kuonjezera madzi amchere, n'kubaya nthawi yomweyo, osasungira mawa. Mlingo wake umatengera kulemera kwa mwana, ndiye sikelo ikafa, kafukufuku wa mayiko asanu ndi anayi uja wagwera pomwepo. Ndikukumbukira tsiku loyamba ndinasungunula kabotolo ndikuyang'ana pepala lomata pakhoma, mnzanga wina wachikulire ali pambali akupukusa mutu kuti jakisoni wa mphindi zochepa sangapose dripi. Si apongozi anu okha amene ankakayika.

Gawo lomaliza lili m'manja mwanu. Majakisoni atatu aja amabayidwa pofika, patatha maola 12, ndi patatha maola 24, koma samaliza tizilombo tonse. LA ndi amene amasesa zotsala, ndipo ayenera kumwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu. Ofufuza anapezanso kuti LA amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya chamafuta, choncho phala la nsinjiro kapena mkaka si mwambo chabe. Ndimadziwa zimene zimachitika kunyumba: mwana akayamba kusewera tsiku lachiwiri, mapiritsi otsala amakabisidwa padenga kudikira mng'ono wake. Mukatero ndiye kuti mukuphunzitsa tizilombo kuzolowera LA monga tinazolowerera kolokwini. Ndipo m'masabata akubwerawa muziyang'ana zikhatho za mwanayo ndi mkodzo wake. Zikhatho zikayera, kapena mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, bwererani kuchipatala ndi kabuku kake tsiku lomwelo.

FUNSO: Zaka zapitazo kunabwera anthu a kafukufuku m'mudzi mwathu. Anatenga magazi a ana, ife tinadinda chala papepala, anatipatsa sopo. Mpaka lero sitinawaonenso. Magaziwo anapita nawo kuti, ndipo ife tinapindulanji? Ndine bambo wa m'mudzi wina ku Machinga.

YANKHO: Bambo, dandaulo lanu ndi lomveka ndipo sindikuikirani kumbuyo anthu amenewo. Munthu amene wadya nsima pakhomo pako amayenera kutsanzika. Ofufuza ena amalemba zotsatira m'Chingerezi chovuta, n'kukaziwerenga pamisonkhano ya m'mahotela, osabwerera kwa amfumu amene anawalandira. Khalidwe lotere ndi lomwe limadyetsa mphekesera. Tonse tikukumbukira za anamapopa mu 2017 ku Mulanje ndi Phalombe, momwe anthu anaphedwa, ndipo azaumoyo ena anaopa kulowa m'midzi.

Magazi amene amatengedwa amakhala ochepa, nthawi zambiri kadontho ka pachala kapena osaposa supuni, ndipo amakayezedwa ku labotale. Kafukufuku aliyense wokhudza anthu ayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yoona za ufulu wa otenga mbali, monga NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo kapena COMREC ya kusukulu ya madokotala ku Blantyre. Pepala lomwe munadinda lija limayenera kukuwerengerani m'chilankhulo chanu, lifotokoze ngati magazi adzasungidwa kapena kutumizidwa kunja, ndipo limodzi likhale lanu. Mukakana, palibe amene angakuletseni kulandira chithandizo kuchipatala.

Za phindu, nthawi zambiri limabwera mochedwa ndipo silivala dzina la mudzi wanu. Mu 2018 makolo a ku Ndirande ndi Zingwangwa analola ana awo oposa 28,000 kulowa m'kafukufuku wa katemera wa taifodi. Theka anabayidwa katemerayo, theka anabayidwa wa matenda oumitsa khosi, popanda kholo kapena namwino kudziwa kuti mwana walandira uti, kuti pasakhale kukondera powerenga. Ndiye anadikira, n'kumayeza magazi a mwana aliyense wobwera ndi thupi lotentha. Zotsatira zinatuluka mu 2021: katemerayo anachepetsa taifodi ndi pafupifupi magawo 8 pa 10. Mu May 2023 boma linabaya katemerayu ana a miyezi 9 mpaka osakwana zaka 15 m'dziko lonse, ndipo tsopano ali m'gulu la akatemera a kusikelo. Ngati munali ndi mwana wa msinkhu umenewo mu 2023, n'kutheka kuti anabayidwa, ndipo anapindula ndi magazi a ana a ku Ndirande amene simudzawadziwa.

Ena akadzabweranso, musathamangire kudinda. Afunseni pamaso pa amfumu ndi alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kuti ndani wawaloleza, magazi akukawayeza chiyani, mwana akadwala chifukwa cha kafukufukuyo akamuonere kuti, ndipo adzabwera mwezi uti kudzanena zomwe apeza. Mwezi umenewo amfumu aulembe m'buku lawo, pamodzi ndi nambala ya foni ya komiti yomwe imakhala pansi pa pepala lija.