Kagalu kandinunkhitsira pabalaza

FUNSO: Azakhali, mwana wanga anapatsidwa kagalu ka miyezi itatu ndipo usiku timakagoneka m'nyumba poopa akuba. Kamakodza pakona imodzimodzi ya pabalaza. Ndakolopa ndi Jik kangapo, ndapaka polishi wofiira, koma banga lilipobe ndipo mvula ikangogwa fungo limabwerera. Nyumbayi ndi ya lendi. Ndithandizeni.
Mayi wa ku Chankhanga, Kasungu

YANKHO: Mayi, choyamba botolo la Jik liikeni kaye pambali. Mkodzo ukakhalitsa umatulutsa mpweya wonunkha wotchedwa amoniya, ndipo amoniya akakumana ndi Jik pamatuluka mpweya woipa wowotcha m'maso ndi pachifuwa. Ine ndinaphunzira movutikira tili ku Kamwendo ku Mchinji. Ndinathira Jik pamkodzo wa galu wathu mawindo ali otseka, ndipo ndinatsokomola tsiku lonse. Jik musamuphatikizenso ndi viniga, ngozi yake ndi yoposa pamenepo.

Simenti imaoneka yolimba koma imamwa madzi ngati njerwa. Mumkodzo muli Urea, dzina lomweli mumaliona pathumba la feteleza wobereketsa chimanga, komanso muli timchere tina tosasungunuka msanga m'madzi. Timchereti timalowa mkati mwa simenti n'kuuma. Chilimwe chonse timakhala chete, koma chinyezi cha dzinja chikafika timayambanso kununkha. Polishi munapakayo anangophimba pamwamba, zonyansa zili pansi pake.

Ndiye yambani ndi kuchotsa polishi pakonapo. Tengani madzi ofunda, sopo wa ufa ndi burashi yolimba, mukwechepo mpaka simenti ioneke. Kenaka sakanizani kapu imodzi ya viniga woyera ndi kapu imodzi ya madzi, muthire ponseponse kupitirira pang'ono malire a bangalo, chifukwa mkodzo umafalikira mkati kuposa pomwe maso akuona. Dikirani mphindi 10 kapena 15, mutsukuluze ndi madzi, muumitse ndi chisanza. Viniga asagonepo, amadya simenti pang'onopang'ono. Pakatsala kachinyezi, wazanipo soda, yemwe uja timathira m'therere, wokwanira kuphimba malo onse. Agonepo usiku wonse, m'mawa musese. Banga lakale ngati lanulo silichoka tsiku limodzi, bwerezani katatu kapena kanayi. Polishi mudzapake pokhapokha mutagwada, kununkhiza, n'kupeza kuti fungo latheratu.

Mkodzo ukakhala watsopano musathamangire chikolopa, chimangoumwaza chipinda chonse. Valani jumbo kumanja, mutsindirepo nyuzipepala zakale kapena utuchi mpaka zitamwa zonse, kenaka viniga uja.

Owerenga a kumudzi amene pansi panu ndi pozira, inu zanu n'zosavuta: palani dothi lonyowalo ndi khasu, mutayire kutali, muwazepo phulusa, mudzazirenso. Mphasa kapena mkeka muchape n'kuyanika padzuwa tsiku lathunthu.

Koma Mayi, chimene chikundikhudza kwambiri ndi kagaluko. Musakamenye ndipo musakakhuze mphuno pamkodzo monga amachitira ena. Kagalu ka miyezi itatu kamatha kusunga mkodzo maola atatu kapena anayi basi, sikangafike m'mawa. Kamabwerera pakonapo chifukwa mphuno yake imamva fungo lomwe inu simulimva, ndiye kamati chimbudzi chake ndi pomwepo. Muzikatulutsa panja mukamapita kogona, kamodzi pakati pa usiku, komanso mbandakucha, malo amodzimodzi nthawi zonse. Kakakodza panja kasisiteni, mukapatse kanthu kodya. Ntchito imeneyi agwireko mwini wake uja anakabweretsa. Pakonapo tsekanipo ndi mpando kapena ndowa kwa milungu iwiri.

Mukaona kuti kakukodza pafupipafupi timadontho, kakulira pokodza, kapena mkodzo uli ndi magazi, pitani nako kwa alangizi a ziweto pa boma pomwepo. Mukafunsenso za katemera wa chiwewe, chifukwa miyezi itatu ndi msinkhu woyambira kubayitsa.