Za geni ya zipangizo zowedzera, kuyankha achimwene a ku Salima

Achimwene, mwafunsa kuti geni yokaoda zipangizo zowedzera nsomba ndi za maboti kunja imayenda bwanji, komanso ngati munthu angayambe ndi mpamba wochepa. Kuyamba mungayambe ndithu, koma musanagule tikiti ya basi dziwani kaye kuti mukukagulira ndani, chifukwa makasitomala a zinthuzi ali pawiri ndipo sagula zofanana olo pang'ono.

Pali owedza mongosangalala, mabwana a mtauni amene amatsikira ku Senga Bay, Cape Maclear kaya Nkhata Bay pa wikendi, alendo akunja, ndi eni malo ogona alendo amene amabwereketsa ndodo ndi maboti. Awa amafuna ndodo ya reel (kagudumu kokulungira chingwe chowedzera), tinsomba tapulasitiki tonamizira nyambo, ma life jacket, magalasi oonera mbuna (tinsomba tokongola ta mmiyala) pansi pamadzi, ndipo katundu wawoyo ali ku Joni. Ndiye pali asodzi enieni a pa doko, ofuna mbedza za mpaketi, twaini, zingwe, nyali za LED zokopera usipa usiku, ma plug ndi masipeyala a injini, awa katundu wawo wotchipa ali ku Kariakoo ku Dar es Salaam, ena amangothera pa Kyela mukangowoloka pa Songwe.

Ya ku Joni njira mukuidziwa mwina, Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge mpaka Park Station, masiku awiri muli pampando ndipo pasipoti ikudindidwa boda iliyonse, ndiye onani kaye kuti masamba atsalamo okwanira. Mukafika, zotchipa zili ku China Mall ndi Dragon City, koma reel ine sindigulako kumeneko, ndimapita ku mashopu enieni a zowedzera kukagula Shimano, Daiwa kapena Okuma ngakhale ziwiri zokha, chifukwa mwini lodge ukamugulitsa reel yoti yalowa mchenga kamodzi basi yaguma, sadzakuimbiranso foni ndipo amauzana anthu amenewa. Pemphani tax invoice nthawi zonse, lisiti loonetsa msonkho umene mwalipira, imathandiza pofunsa kubwezeredwa VAT ya ku South Africa ija ya 15 peresenti potuluka, komanso ndi imene mudzaonetse a MRA pa Mwanza.

Ndodo gulani zoduka pawiri kapena zolowetsana zija, ndodo yaitali yathunthu pa basi ndi mavuto okhaokha, ana a katundu amasanjikapo matumba a anthu ndiye mukafika nsonga yathyoka. Pezani paipi ya PVC yonenepa, kulungani ndodo iliyonse mu chitenje chakale, lowetsani, tsekani mbali zonse ndi selotepi, mulembepo dzina ndi nambala yanu.

Tsono chimene ndikufuna mumvetsetse ndi ichi, ndalama siili mu ndodo zonyezimira zija ayi. Ndodo munthu amagula imodzi nkukhala nayo zaka. Ndalama ili mu tinthu timene timatha ndi kutayika tsiku ndi tsiku, mbedza imakodwa mmiyala nkudukira komweko, chingwe chimafumbwa ndi dzuwa, mtovu womiza nyambo umatsala pansi pa nyanja, plug imafa, impeller, kagudumu ka labala ka mu pampu yamadzi ya injini, imadyeka ndi mchenga injini nkuyamba kutentha. Tinthu timeneti nchopepuka kunyamula, chikwama chimodzi chimakwana mpamba wonse, ndipo kasitomala amabweranso yekha mwezi usanathe. Maboti ambiri mnyanja muno amayendera injini za Yamaha Enduro za mahosipawa 15, 25 ndi 40, ndiye musanapite yendani pa doko la kwanuko mufunse amakaniko kuti chimafa kawirikawiri nchiyani, mujambule nambala ya sipeyala pa foni, osagula ndi maso chifukwa impeller ya 15 siilowa mu 40 ngakhale zikuoneka ngati zofanana.

Mbedzanso muziphunzire. Nambala ikamakwera mbedza imachepa, 12 ndi yaing'ono kuposa 6, koma zolembedwa 2/0, 4/0, 6/0 zimakula nambala ikamakwera. Wofuna chambo ndi tinsomba ta mmiyala pa nyambo ya nyongolotsi kapena nsima amafuna zazing'ono, wa kampango ndi bombe amene amaponya kwakuya ndi nyambo ya usipa kapena utaka amafuna zazikulu ndi chingwe chonenepa. Ncheni imathamangira kanthu konyezimira kokokedwa kumbuyo kwa boti, ndiye timasupuni tachitsulo tija timayenda. Wina akakuuzani kuti akupita kukawedza tigerfish ku Lower Shire kapena ku Cahora Bassa mumupatse waya wa kumbedza, chifukwa mano a nsomba imene ija amadula nayiloni kamodzi nkamodzi. Za trout za ku Zomba ndi ku Nyika zisiyeni kaye, ogula ndi ochepa ndipo amabwera ndi zawo.

Pa boda nenani zonse zimene mwanyamula. Ena adzakuuzani za STR, ndondomeko ya amalonda ang'onoang'ono ya bungwe la malonda la COMESA ija yoti katundu wosapyola 2,000 dola amadutsa mosavuta, zoona ilipo, koma ndi ya katundu wopangidwa mmaiko ngati Zambia ndi Zimbabwe amene ali pa mndandanda wogwirizana, reel yopangidwa ku Asia yogulidwa ku Joni siikhudzidwa, komanso South Africa ndi Tanzania sali mu COMESA. Ndiye msonkho ndi VAT muwerengeretu mu mtengo musananyamuke, musungenso makwacha ake padera osawadyera mnjira. Ndipo poika mtengo musamawerengere rand imene munagulira, werengerani imene mudzagulire ulendo wotsatira. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anzathu ambiri anagulitsa katundu yense bwinobwino nkupeza kuti ndalama yonseyo siikukwana kuodanso katundu wochuluka ngati poyamba.

Pali chinthu chimodzi chimene chonde musadzanyamule ngakhale akulonjezeni phindu lotani, maukonde a monofilament aja oonekera ngati galasi. Ndi oletsedwa, a Fisheries ndi ma BVC (makomiti a pa doko oyang'anira usodzi) akawapeza amalanda nkutentha, ndipo ine zimandiwawa chifukwa ukonde umenewu ukaduka sufumbwa, umangokhala pansi pa nyanja ukupha nsomba popanda wokazitenga. Chambo chachepa kale tonse tikuona mtengo wake pa msika, ndiye ife amene timadyera mnyanjamo tikhalenso obweretsa chida choimaliza? Inu a ku Salima mukudziwa za chilumba cha Mbenji, mfumu Makanjira imatseka usodzi kuyambira Disembala mpaka Epulo ndipo akatsegula nsomba zimakhalapo zedi. Kasitomala wopita ku Cape Maclear mumuuzenso kuti mbali ya Lake Malawi National Park sawedza pafupi ndi gombe ndi zilumba, mamita 100 oyamba aja ndi a mbuna, komanso afunse za chiphaso chowedzera ku Fisheries asanaponye mbedza.

Nyengo nayo imalamula geni. Mwera ukayamba kuwomba cha mu Meyi mpaka Ogasiti maboti ang'ono amakhala kumtunda masiku ambiri, mbedza zimayenda pang'onopang'ono, koma ma life jacket ndi nthawi yake yowalankhulira. Ine ndimawagulitsa phindu lochepa dala, makamaka a ana, chifukwa nyanja imasintha mwadzidzidzi, kumacha kuli bata masana mafunde akulowa mboti. Onani kuti alembapo makilogalamu a munthu woyenera kuvala ndipo malamba ake akumanga zolimba, pali ena otchipa amene mkati mwake muli siponji wamba womwa madzi. Katundu wa ma holide a Khirisimasi akhale atafika pofika Okutobala, mu Disembala pa Beitbridge mzere wake mukhoza kugonapo ndipo mtengo wa katundu pa basi umakwera.

Za ngongole, eni ma lodge ambiri amalipira pakutha pa mwezi ndiye lemberanani pa pepala, asodzi a pa doko apatseni ndalama pamanja kapena pa Airtel Money ndi Mpamba, mukadikira kuti alipire usipa ukagwidwa mudzapeza asamukira doko lina. Ulendo woyamba yambani ndi Kyela, ndi pafupi ndipo transipoti siidya mpamba, mutenge mbedza, twaini, nyali ndi ma plug basi, Joni mudzapite mukakhala ndi ma oda atatu anayi olipiridwa theka.