Silinda ya gasi m'thirela: musamvere za "ingoponyani"

Achimwene, mwafunsa m'gulu muno kuti silinda ya gasi muiike pati paulendo wanu. Awa akukuuzani kuti "ingoponyani m'thirela, sizivuta" asiyeni, sanazionepo. Inu mukutsikira ku Nsanje mwezi uno wa Okutobala, ana ali m'galimoto, thirela ndi yobwereka, kasitovu kanu ndi kaja komanga pamwamba pa silinda. Ndiye khalani pansi mumve, chifukwa ine mpaka lero ndikangomva fungo la gasi m'mimba mumatentha.

Ife ntchito yathu ndi yokonza mijigo. Mjigo ukafa kumudzi timagona komweko mpaka madzi atuluke, ndiye thirela imanyamula zonse: mapaipi, marodi achitsulo a Afridev aja, simenti, masipanala, jenereta, chigubu cha petulo, mphasa, ufa ndi kasitovu kophikira. Tsiku limenelo tinkachokera ku Blantyre kupita kumidzi ya kuseri kwa Bangula. Ine ndinalawirira kukaima pamzere wa mafuta, ntchito yopakira ndinawasiyira alamu anga, achimwene awo a mayi akunyumba, omwe anali atandikakamira kuti ndiziyenda nawo poti ankangokhala. Ndinawauza ndi pakamwa pangapa, mnyamata wanga akumva: masulani mutu wa sitovu, silinda iime chilili kutsogolo, muimange. Iwo "ee alamu, musadandaule, zimenezo n'zazing'ono." Pobwera ndinapeza lona lakokedwa kale, zingwe zamangidwa bwinobwino, iwo ali pampando wakutsogolo akusewera ndi foni. Ndinafunsa kuti gasi uja mwamuika bwanji. "Monga munanenera." Bodza la masana dzuwa likuswa mtengo.

Msewu mukuudziwa. Kutsika phiri lija ndi makhotamakhota ake, thirela ikukukankha kumbuyo, mabuleki akununkha. Pa Thabwa apolisi anangoona ziphaso ndi magetsi akumbuyo, zam'kati mwa lona sanafunse. Kuwoloka Shire pa Kamuzu Bridge, Dyeratu, Nchalo, mabampu ndi maenje osatha, kuphatikiza malo aja omwe madzi anakumba nthawi ya namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Mathirela aang'onowa ambiri alibe mashoko, ali ndi masipuling'i okha. Dzenje lomwe inu m'galimoto mwangolimva pang'ono, kumbuyoko katundu amadumpha m'mwamba n'kugwa. Ndipo kutentha kwa kuno ku chigwa cha Shire si kwa ku Blantyre. Mwezi ngati uno kumafika madigiri 40 n'kupitirira, ndipo amenewo ndi a pamthunzi. Pansi pa lona lakuda, pachitsulo, masana, simungaikepo dzanja.

Tinaima pa Ngabu cha m'ma 12 koloko kuti tidye. Ndinaimika galimoto m'mbali mwa msewu, thirela inathera pafupi ndi chiwaya cha tchipisi, mwina mapazi asanu ndi limodzi basi. Moto wa nkhuni uli lawilawi pansi pake, mafuta akuwira, amayi awiri aima ndi timapepala tawo, mwana ali kumbuyo. Alamu anatsika n'kulowera kugolosale osayang'ana m'mbuyo. Mnyamata wanga anapita kukatenga chigubu cha madzi akumwa. Atangomasula chingwe n'kukweza ngodya ya lona, fungo linatimenya tonse, lija la mazira owola. Kenako phokoso, siiii, losalekeza. Nditasuzumira ndinaona silinda itagona chammbali pakati pa marodi, mutu wa sitovu uli pomwepo, khosi lake litapindika, kotembenuza kotsegulira ndi kutsekera gasi kaja katakhadzuka mbali imodzi. Pamkuwa pomwe zimalumikizana panali patayera mbee, madzi oundana, kunja kukutentha chonchija. Kautsi koyera kankatuluka n'kumatsetsereka pansi pa thirela, kudutsa m'mipata ya chitseko chakumbuyo, kutsikira pansi, kulowera mbali ya chiwaya. Chigubu cha petulo chinali chitatsamira pa silinda yomweyo.

Mnyamata uja, mtima wabwino, anangoti ndiletse. Anagwira ndi dzanja lopanda kanthu pomwe pamatuluka gasipo. Anakuwa n'kulumphira kumbuyo, zala zitatu zitayera ngati waviika mu ufa, zouma gwa. Ine ndinakuwa kuti thimitsani moto, thimitsani moto! Bambo wa chiwaya ankangondiyang'ana, chipande chili m'manja, akuganiza kuti ndine wamisala. Wakabaza wina anali atakhala pa njinga yake yamoto pomwepo, ndudu ili pakamwa, akufuna kuliza injini. Ndinamulanda nduduyo n'kuiponda, ndipo sindikudziwa kuti ndinamuuza mawu anji, koma anakankha njinga ndi miyendo mpaka kutsidya kwa msewu. Ndinanyamula ndowa ya bambo uja yomwe munali mbatata zosendasenda, n'kukhuthula madzi pamodzi ndi mbatata zomwe pa nkhuni zija pansi pa chiwaya. Nthunzi, phulusa, amayi aja kuthawa, tchipisi chonse chadzaza phulusa. Anthu atamva mawu oti gasi, msika wonse wa mbali imeneyo unabalalika, wina anagwetsa thebulo la tomato.

Galimoto sindinailize, ndinaopa moto wa sitata. Ndinakulunga manja m'thumba la saka, kuchotsa marodi imodziimodzi mosagundanitsa, chifukwa chitsulo chikamenya chitsulo chimathetheka. Pamenepo ndi pomwe nthawi inandivuta, manja akunjenjemera, thukuta likulowa m'maso, fungo likundizunguza mutu. Nditaitulutsa silinda ndinaiimika chilili, ndipo kautsi koyera kaja kanachepa nthawi yomweyo. Kotembenuza kanakana kutseka. Ndinaikumbatira n'kuthamanga nayo kumunda wopanda kanthu kuseri kwa mashopu, kumene mphepo inkalowera kutali ndi anthu, n'kumasula mutu wonse. Masilinda a mtundu wangawu amadzitsekera okha mukachotsa mutu. Phokoso linatha. Ndinakhala pansi m'fumbi momwemo, miyendo itakana.

Ndiye alamu akutulukira, botolo la zoziziritsa kukhosi lili m'manja, akuyenda mwaulemu. Anayang'ana chipwirikiti chonsecho, mbatata zili mbwee, mnyamata akulira atagwira dzanja, n'kunena kuti, "Koma chaphulika?" Anthu inu. Munthu wamkulu, wa ana ake. Ndinawafunsa kuti bwanji munaigoneka, akuti ikaima lona silimakokeka bwino. Bwanji simunamasule mutu, akuti ankaopa kuti usochera. Pepani sanatchule, ngakhale kwa mwana wa eni uja yemwe zala zinatupa matuza madzulo ake. Ena pamsika ankafuna kumupaka mankhwala otsukira mano, wina akuti dzira laliwisi; ndinakana, tinamuviika m'madzi ofunda pang'ono n'kupita naye kuchipatala. Ntchito ya sipanala anaisiya kwa nthawi ndithu, ndipo ndinkamulipira ali pakhomo. Bambo wa chiwaya naye anandigwira malaya, ndipo sindimuda, bizinesi yake ya tsikulo inathera pomwepo. Ndinalipira tchipisi, mafuta, mbatata, ndi tomato wa mayi uja yemwe. Alamu m'thumba osalowetsamo dzanja. Choipitsitsa, titabwerera kunyumba anakayamba iwo kufotokozera mlongo wawo ndi apongozi kuti ine ndine wamantha, ndinachititsa manyazi banja pamsika chifukwa cha kampweya. Mpaka lero apongozi akandiona ndikunyamula silinda amaseka chamumtima. Chibale cha ukwati n'chovuta, ukayankhula akuti ukunyoza kwawo kwa mkazi.

Chomwe anthu sadziwa n'choti mu silinda muja gasi amakhala wamadzi. Podzaza amalekezera pa magawo 80 pa 100 kuti pamwamba patsale malo, chifukwa akatenthedwa amafufuma. Silinda ikaima, pakamwa pamakhala mpweya. Ikagona, pakamwa pamafika madzi aja, ndipo akatuluka amasanduka mpweya wochuluka kuposa ka 200. Ndi amenewo amazizira mpaka kuwotcha khungu. Komanso gasiyu ndi wolemera kuposa mpweya womwe timapumawu, sakwera kumwamba, amatsika n'kudikha pansi. Thirela yovindikira lona ndiye beseni lake lenileni. Ndipo safuna kuchuluka, magawo awiri okha pa 100 mumpweya, kukabwera kamoto, zatha.

Tsono mundifunsa kuti muiike kuti. Muiike m'thirela momwemo. Ee, ndikudziwa zomwe ndangokusimbirani, koma m'galimoto momwe muli ana, mawindo otseka, ndiye ayi ndithu, kaya m'buti kaya pansi pa mpando. M'thirela, kutsogolo kwenikweni pafupi ndi pokokera, chifukwa kumbuyo ndi komwe kumadumpha kwambiri. Iime chilili. Ine ndimailowetsa m'tayala lakale la galimoto yaing'ono n'kutsekera mipata ndi masaka, ena amaika m'kireti. Malegeni okha musawakhulupirire, akatenthedwa amatamuka ndipo amaduka osachenjeza. Mangani ndi lamba wokoka uja kapena chingwe cholimba, kawiri, pakati ndi pakhosi, kuchitsulo cha thirela osati ku katundu mnzake. Lona lisaikwirire. Lilekezeni kumbuyo kwake, iyo muiphimbe ndi katoni yoboola kapena saka yonyowa kuti dzuwa lisaimenye koma mphepo izidutsa. Petulo, batire, zitsulo zogubuduzika, zonsezo kumapeto ena.

Mutu wa sitovu masulani, ngakhale ulendo ukhale wa pa Dyeratu pomwepa. Pa masilinda ngati anga, mukangomanga mutu ndiye kuti njira mwatsegula kale, chotchinga gasi chatsala ndi kotembenuza kaja kokha, ndipo kameneko sikanapangidwire kumenyedwa ndi katundu. Ngati yanu ili ndi vavu yakeyake, tsekani vavuyo kaye musanamasule. Mutuwo ukulungeni m'nsalu, muuike mum'phika wovindikira, ulowe m'galimoto. Wopanda silinda ulibe vuto. Dikirani uzizire mukatha kuphika, musaupakire wotentha. Pakamwa pa silinda bwezeranipo kachivindikiro kake, kakasowa mangani pulasitiki, poti fumbi la kuno likalowa mumavutika. Kalabala kakang'ono kotchinga pakamwa kaja gulani tiwiri tapadera, n'totchipa, koma kumidzi ya ku Tengani kapena ku East Bank simukatipeza. Mukafika, mangani mutu, pakani thovu la sopo polumikizira. Likamatukusira, pakutuluka gasi. Machesi ayi, ndaonapo anthu akuyesa ndi machesi, ndipo ena mwa iwo ali m'gulu muno.

Dzadzitsani ku Blantyre musanatsike, kwa ogulitsa ovomerezeka ndi MERA, bungwe loyang'anira za mafuta, gasi ndi magetsi, ndipo aike pasikelo inu mukuona. Wina akati "ndakuwonjezerani pang'ono, kasitomala", mukaneni, kukoma mtima kumeneko ndi komwe kumadya malo ofufumira aja. Mukaima panjira, yang'anani kaye komwe thirela yathera. Mthunzi inde, koma osati pafupi ndi chiwaya, owotcha nyama kapena owotcherera zitsulo.

Amene ananena za timasitovu ta m'kasutikesi togwiritsa ntchito tizitini ta magalamu 220, ndi tabwino poti n'topepuka, koma werengani pachitini, palembedwa kuti chisapitirire madigiri 50. Galimoto yotseka itaima padzuwa pa Nchalo imadutsa pamenepo mosavuta. Chitini chizichotsedwa mu sitovu poyenda, chivale kachipewa kake, ndipo musamaikepo m'phika waukulu wophimba mbali yomwe kuli chitini, umabwezera kutentha komweko. Nsima ya banja lonse pa kameneko iwalani.

Kosungira mukafika: pakhonde kapena pamthunzi podutsa mphepo, osati kuchipinda chogona, osati pafupi ndi dzenje kapena ngalande. Kunyumba chimodzimodzi, ndipo mutu uzikhala m'thumba lomanga, chifukwa mavu aja omanga ndi dothi amakonda timabowo timeneto, mukadzayatsa moto umatuluka wachikasu wodetsa mapoto. Kabowo kotulukira gasi musakatokose ndi singano, mukakakulitsa kawonongeka. M'tenti musaphikiremo ngakhale udzudzu wa ku Shire ukuthamangitseni bwanji, utsi wake suoneka, sununkha, umangokugonetsani.

Ndipo pakirani nokha, ndi manja anu, musatume munthu, kaya ndi m'bale. Ine pano, kupatula ine mwini, amene ndimamulola kumanga silinda yanga ndi mnyamata uja yekha, poti palibe amene amaiopa kuposa iye. Mukaona kuti zonsezi zakuchulukirani, tengani mbaula basi, ngakhale thumba la makala pa rodibuloko limabweretsa mafunso ake, ndiponso ine sindingabwerere ku makala, madzi a tiyi amawira anzako asanamalize kuyala mphasa.

Alamu, ndikudziwa kuti muli m'gulu muno, mumawerenga osayankha. Ndalama ya tchipisi ija ndikuyidikirabe, nambala yanga sinasinthe.