Akumva m'nyumba koma pagulu ayi: yankho kwa mayi a ku Ngabu

Mayi, ndawerenga zimene mwalemba, zoti bambo akunyumba, omwe ndi msilikali, chibwerere ku Congo sakumva bwino mukakhala pamsika kapena kutchalitchi, pomwe m'nyumba amamva ngakhale nkhuku ikamapalasa panja, ndipo kuchipatala anawayeza n'kunena kuti makutu ali bwinobwino. Mwafunsa ngati ndi matama kapena wina anawachita chipongwe. Ena ayamba kale kukulozerani kwa asing'anga. Chonde dikirani kaye.

Achimwene anga anagwira usilikali zaka zambiri. Tsiku lina pamaliro ku Bangula, anthu ali piringupiringu, amayi akuimba, amfumu anawalankhula katatu iwo ali duu kuyang'ana kumbali. Anthu anayamba kunong'onezana kuti asilikali amadzimva. Usiku womwewo tili awiri pakhonde ndinafunsa motsitsa mawu ngati atseka khola la mbuzi, anayankha nthawi yomweyo. Ndinapsa mtima poganiza kuti amachita kusankha zomva. Mpaka lero zimandiwawa kuti ndinawaganizira choncho.

Mkatikati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono. M'menemo muli timaselo taubweya timene timalandira mawu n'kuwapereka ku mitsempha yopita ku ubongo. Kale anthu ankati munthu akagontha masiku awiri chifukwa cha kuphulika kenako n'kuyambanso kumva, ndiye kuti wachira basi. Mu 2009 akatswiri awiri a ku yunivesite ya Harvard ku America, Sharon Kujawa ndi Charles Liberman, anaika mbewa paphokoso lalikulu kwa maola awiri. Patapita masiku mbewazo zinayambanso kumva timawu tapansipansi ngati kale, timaselo taubweya tili tamoyo, koma malo ambiri olumikizira timaseloto ndi mitsempha anali ataduka, pena mpaka theka. Azungu amati hidden hearing loss, kugontha kobisika.

Ganizirani chingwe chakhonje chimene ulusi wina waduka mkati. Mbuzi chimangirirabe, koma mukati mukokere ngolo ya thonje, chimakanika. Kuyeza kwa masiku onse kuja amakuvekani mahedifoni m'chipinda cha zii n'kumakulizirani kamawu kamodzikamodzi. Mitsempha yotsalayo imakwanitsa. Koma kusiyanitsa mawu a mkazi wako pakati pa njinga zamoto, mawailesi ndi anthu otsatsa malonda pa Dyeratu kumafuna mitsempha yonse. Sindine dokotala wa bambowo, koma zimene mwafotokoza zikufanana kwambiri ndi zimenezi.

Nanga bwanji asilikali? Kukula kwa phokoso amakuyeza m'madesibelo, ndipo kucheza kwathuku kumakhala pa madesibelo 60. Phokoso likafika 85, maola 8 patsiku ndiwo malire. Mfuti ikalira imapitirira 140, ndipo msilikali amawombera kambirimbiri kuyambira kumaphunziro, osawerengera mabomba, zimagalimoto zankhondo ndi mahelikoputala. Tawafunsani ngati khutu lakumanzere ndilo likuvuta kwambiri. Kwa owombera mfuti ili paphewa lamanja nthawi zambiri zimatero, chifukwa mutu umatchinga khutu lamanjalo. Afunseninso ngati m'khutu mumalira ngati nyenje za mu Okutobala. Ku America, kulira kwa m'khutuku ndilo vuto limene asilikali opuma ambiri amalandirira chipepeso kuposa lina lililonse. Amuna athu kuno sanena, amangopirira, n'kuyamba kuthawa pagulu chifukwa cha manyazi ofunsa kuti “mwati bwanji?” kawirikawiri.

Mankhwala olumikizanso mitsemphayi sanapezeke m'zipatala, ndiye musataye ndalama kwa amene akulonjeza kuchiza, ndipo musawathire mafuta kapena madzi azitsamba m'khutu. Pemphani kalata yopita ku Queen Elizabeth ku Blantyre komwe kuli chigawo choona za kumva. Mukafotokoze momveka kuti vuto lili pagulu, osati pachete, ndipo ngati bomba linawaphulikirapo pafupi mukanene, chifukwa kugwedezeka kwa mutu nakonso kumasokoneza kumva. Mapepala onse asungeni, adzafunika kuntchito kwawo. Akadwala matenda ena, auzeni adokotala za makutuwa asanalembe mankhwala, poti ena monga kwinini ndi gentamicin amatha kupweteka khutu.

Mitsempha yotsalayo itetezeni. Kuchigayo asamakhale mkati kudikira ufa, paukwati akhale kutali ndi masipika, ndipo akabwerera kowombera azivala zotseka m'makutu ngakhale anzawo aseke.

Kunyumba musamawakuwire, kukuwa kumangosokoneza mawu. Muzimitse wailesi, muwatchule kaye, ayang'ane nkhope yanu, kenako mulankhule. Ana muwaphunzitsenso chimodzimodzi. Alamu anga anayamba kutero, ndipo kutchalitchi achimwene amakhala benchi yakutsogolo, mbali imene khutu labwino limaloza kuguwa. Apongozi anu ndi abale ena amene akuti bambowo asintha mtima, akhazikeni pansi muwawerengere zimenezi.