Dzinja si "winter": mawu a mvula m'makalata akale

Funso: Ndikumasulira makalata a amishoni a m'zaka za m'ma 1800, omwe akatswiri amafufuziramo mmene mvula inkagwera kale. Kodi "winter" ndilembe kuti dzinja? Nanga "drought" ndi chilala kapena ng'amba?

Yankho: Dzinja ayi. Dzinja ndi nyengo ya mvula, kuyambira chakumapeto kwa Novembala mpaka Malichi kapena Epulo. Mmishoni wa ku Blantyre akalemba "winter" ankanena za Juni ndi Julayi, nyengo yachisanu. Mukasinthanitsa mawuwa, kamvula kowaza ka Juni kawerengedwa ngati mvula yolimira, chaka chouma n'kuoneka ngati chinali chabwino. Kamvula ka Juniko kali ndi dzina lake, chiperoni, lochokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Kamangonyowetsa udzu ndi zovala, sikadzadza mtsinje.

Chenjeraninso ndi "first rains". Yang'anani tsiku la kalatayo. Ngati ndi Okutobala, kawirikawiri imeneyo ndi chizimalupsa, yozimitsa lupsa chabe, ndipo mlimi wodziwa sabzala nayo. Ikagwa masiku angapo osakata, ndi mvumbi.

Pa funso lachiwiri, ng'amba ndi pamene mvula yadula pakati pa dzinja, milungu iwiri kapena itatu, chimanga n'kuyamba kupota masamba, kenako mvulayo n'kubweranso. Chilala ndiye dzinja lonse lakanika. Ambiri masiku ano amangosakaniza, koma pa ntchito yanuyi musatero, chifukwa ofufuza amaika chaka chilichonse m'gulu lake, chouma kwambiri, chouma, chapakati kapena chamvula, potengera mawu omwewa.

Komanso njala si umboni wa chilala. Amishoni a UMCA (Universities' Mission to Central Africa, a mpingo wa Anglican) omwe anafika ku Magomero mu 1861 analemba za njala yoopsa ya 1862 ndi 1863. Mvula inavutadi, komanso nkhondo ndi ogwira akapolo zinathawitsa anthu m'minda. Pomwe kalata ikunena njala, lembani njala basi.

Manambala akale a mvula ali mu mainchesi, ndipo inchesi imodzi ndi mamilimita 25.4. Dzinja limayamba chaka china n'kutha chaka chotsatira, choncho lembani zaka zonse ziwiri. Njala yomwe agogo amaitcha ya 49 inabwera chifukwa cha dzinja la 1948/49.