Kodi ana anu aakazi adzatengera khansa imeneyi?

Mayi a ku Ulongwe, pepani ndi matendawa. Mwati pepala la kuchipatala lalemba kuti granulosa, ndipo mukuopa kuti ana anu aakazi adzatengera.

Mtima pansi. Khansa iyi ya m'thumba la mazira siwonekawoneka, ndipo mwa amayi akuluakulu pafupifupi onse odwala imayamba chifukwa cha kusokonekera kwa jini yotchedwa FOXL2. Ofufuza anazindikira zimenezi mu 2009. Kusokonekerako kumachitikira m'chotupamo, munthu atabadwa kale, ndiye sikuyenda m'magazi a mtundu. Zoyenda m'mtundu ndi za majini ena, monga BRCA1 ndi BRCA2, za khansa ya mtundu wina. Tikati majini pano tikunena za m'maselo, musaganize za mizimu ayi.

Chithandizo chachikulu ndi opaleshoni. Kemo (mankhwala opha maselo a khansa) amapereka ngati matenda afalikira kapena abwerera. Kawirikawiri amaphatikiza carboplatin ndi paclitaxel m'dilipi, kamodzi pa masabata atatu alionse, mpaka maulendo 6. Tsitsi limayoyoka mlungu wachiwiri kapena wachitatu, mudzalipeza pa pilo m'mawa, koma limameranso. Zala zimachita dzanzi. Thupi likatentha kufika madigiri 38, musati ndi malungo n'kumadikira kuche, thamangirani kuchipatala, chifukwa kemo imachepetsa asilikali a m'thupi.

Chimene ine ndimaumirira ndi ichi: khansa iyi imatha kubwerera patapita zaka 10 kapena kuposa. Ulendo wa ku Tete ndi wodula, ndikudziwa, koma musasiye kukapimitsa. Funsaninso adokotala za kuyeza m'magazi inhibin, homoni imene chotupachi chimatulutsa, yomwe imatha kusonyeza ngati chabwerera.