Funsani Katswiri: Kodi khadi ya m'foni ingagwire mu switch ya kufakitale?

FUNSO: Zikomo akulu. Ndimagwira ntchito ya zamagetsi pa fakitale ina ku Kanengo. Mu Januwale mphenzi inaotcha switch imene imalumikiza makina athu ndi kompyuta ya mu ofesi. Tinakhala masiku awiri makina ali chete, chifukwa amene anaikonza poyamba anasiya ntchito kalekale, ndipo palibe ankadziwa mmene anaitcherera. Tagula ina, Cisco IE 4000, ili ndi polowetsa SD khadi. Kodi ndingaikemo memori khadi ya m'foni? Nanga ikhala ngati backup, yoti tidzabwezeretsere zonse zinthu zikadzawonongeka?
Wowerenga, Area 25

YANKHO: Pepani achimwene ndi zimene zinakuonekeranizo. Masiku awiri pa fakitale ndi ndalama zambiri, ndipo ndikudziwa kuti maso onse anali pa inu.

Khadiyo anaiikira vuto ngati lanuli. Pa IE 4000, khadi ikakhala mkati, switch poyaka imayamba yawerenga pulogalamu yake ndi configuration (ndiye kuti mmene munaitcherera) kuchokera pamenepo. Switch ikapsa, mumazula khadi, n'kuilowetsa mu inzake ya mtundu womwewo, n'kubwezera mawaya m'malo mwake, basi. Ngakhale mnyamata wa shifiti ya usiku amene sanagwirepo laputopu angathe. Makampani ena ali ndi zipangizo zawo zogwira ntchito yomweyi: Siemens ali ndi C-PLUG, Hirschmann ali ndi ACA, Moxa ali ndi ABC.

Koma ya m'foni ayi, chonde. Ndi microSD, ndiye mpaka muiike mu adaputala, ndipo kunjenjemera kwa makina kumaigwedeza. Komanso kabati ya chitsulo ku Kanengo mu Okutobala imatentha ngati uvuni. Makhadi a m'mafakitale amapangidwa kuti apirire kuyambira -40 mpaka 85 digiri, ndipo sawonongeka msanga magetsi akazima mwadzidzidzi. Makhadi ena ogulidwa pamsika ndi abodza, pamwamba alemba 32GB pamene mkati mulibe n'theka lomwe. Gulani imene opanga switch akuvomereza. Kukula kwake si nkhani, mafayilo ake ndi aang'ono.

Tsono pa funso lachiwiri ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Switch ikayaka kuchokera pa khadi, zimene mwasintha n'kusunga zimapita pa khadipo, pamene memori ya mkati imatsala ndi zakale. Tsiku lina wina akazula khadi, switch idzayaka ndi configuration ya chaka chatha, makina ena n'kusiya kuonana, inu n'kumasaka vuto m'mawaya. Ndinazionapo pa malo ena opopera madzi, tinatha tsiku lathunthu. Choncho mukasintha kanthu, lembani lamulo lakuti "sync sdflash: flash:" mu switch kuti khadi ndi memori ya mkati zifanane. Onetsetsaninso kuti kaloko kam'mbali mwa khadi sikali potseka, apo ayi palibe chimene chilembedwe.

Ndipo khadi yokhala mu switch si backup yokwanira. Mphenzi imene inaotcha yoyamba ija ikanatha kupita nayo limodzi. Akuba akanyamula kabati, yapitanso. Koperani configuration pa kompyuta ya mu ofesi, ina pa khadi yachiwiri, mulembepo dzina la switch ndi tsiku, musunge m'kabati ya abwana yokiya. Ndikuti yokiya chifukwa mu fayiloyo muli mapasiwedi ndi ndondomeko yonse ya netiweki yanu. Aliyense wotola khadiyo atha kuiwerenga pa laputopu.

Mvula isanayambe mu Novembala, pemphani ola limodzi Lamlungu makina atazima. Zimitsani switch, zulani khadi, yatsani muone ngati zonse zikuyenda. Kenako zimitsaninso, bwezerani khadi, muyesenso. Mnzanu wa shifiti ina akhalepo, ndipo azule ndi kubwezera ndi manja ake.